Ngongole siimveka mu injini

Abale athu ambiri amene afika ku Birmingham, Wolverhampton, Walsall, Dudley ndi Coventry kuyambira mu 2022, chaka chimene boma la Britain linayamba kupereka viza kwa anthu osamalira okalamba ndi odwala, ntchito yawo ndi yoyenda khomo ndi khomo. Sikisi koloko m'mawa uli kosambitsa agogo ena ku Smethwick, pofika seveni ukufunika ku Handsworth, masana uli ku Ladywood, usiku wabwereranso koyamba kuja kukawagoneka. Basi siidikira munthu, mvula siisankha tsiku, ndipo mu Disembala mdima umagwa isanakwane folo koloko. N'chifukwa chake ndalama yoyamba imene munthu wakwanitsa kusunga imathamangira ku galimoto. Yatsopano sitingaithe. Timagula yoti ena anayendapo kale, ndipo timagula mothamanga chifukwa ntchito ikutikankha.

Kwathu tili ndi kagulidwe kathu. Umatenga makaniko amene umamudalira, iye n'kutsegula boneti, kumvetsera kulira kwa injini, kusuzumira oyilo, kuona ngati ikufuka utsi, kenako n'kugwedeza mutu kuti ili bwino. Nzeru imeneyo ndi yabwino, tisaitaye. Koma kuno ku England zinthu zimene zimalanditsa munthu galimoto sizimveka ndi khutu. Ngongole imene mwini wake wakale anasiya, ngozi imene inachita n'kukonzedwa mobisa, mamailosi amene anabwezedwa m'mbuyo, ngakhale kubedwa kumene, zonsezi injini siingakuuzeni. Zinalembedwa kwina, m'makaundula a boma ndi a makampani, ndipo zambiri mwa izo munthu angathe kuziwerenga pa foni yake asanatulutse ngakhale paundi imodzi.

Mchemwali wa ku Smethwick

Mchemwali wathu wina, amene dzina lake silikufunika pano, anakhala miyezi yambiri akudzimana. Ndalama yotumiza kwa ana kumudzi anaichepetsa, mashifiti a Loweruka ndi Lamlungu sankawakana. Atasonkhanitsa zokwanira, m'bale wina wa kutchalitchi anamuuza kuti akudziwa munthu amene akugulitsa kagalimoto kabwino pa mtengo wachifundo.

Anakumana madzulo, poimika magalimoto pa sitolo ina yaikulu. Kagalimotoko kanali koyendera dizilo, ka mu 2012, kotsukidwa bwino. Matayala ankanyezimira ndi polishi, m'kati munkanunkhira mafuta onunkhiritsa, mita inkaonetsa mamailosi 62,000. Wogulitsayo ananena kuti mtengo ndi £3,500, koma akapereka kashi pompo achotsera £300.

"Achemwali, uwu ndi mwayi wanu," anatero m'bale uja. "Mkuluyu ndimamudziwa, ndi munthu wabwinobwino. Akuti mawa kukubwera wina ndi ndalama m'manja. Mukazengereza aitenga."

Mchemwaliyo mumtima anali ndi mafunso. Bwanji takumana pano osati kunyumba kwa mwini wake? Bwanji madzulo chonchi? Koma mawu anamuthera pakhosi. Kufunsa kukanaoneka ngati akukayikira m'bale amene anasiya zochita zake kuti amuperekeze. Anayendetsa kagalimotoko kuzungulira sitoloyo kamodzi, injini inalira bwino, mabuleki anagwira. Wogulitsa anatulutsa chikalata chofiira cha V5C, chimene anthu kuno amachitcha logbook, chatsopano ngati chachokera kumene ku positi. Anang'amba kapepala kobiriwira n'kumupatsa. Ndalama zinawerengedwa pa boneti. Lisiti panalibe.

Masabata angapo atadutsa, kunayamba kufika makalata a chindapusa. Kuyambira pa 1 Juni 2021, pakati pa mzinda wa Birmingham, m'dera lonse lozunguliridwa ndi msewu wa A4540 Middleway, pali malire a mpweya wabwino otchedwa Clean Air Zone. Galimoto yaing'ono imene utsi wake sufika pa muyezo imalipira £8 tsiku lililonse imene yalowamo, usana kapena usiku, chaka chonse. Ya petulo imayenera kukhala ya muyezo wa Euro 4, zomwe kawirikawiri ndi za kuyambira mu 2006, pamene ya dizilo imayenera kukhala ya Euro 6, zomwe zambiri ndi za kuyambira chakumapeto kwa 2015. Palibe geti loti uimepo n'kulipira. Makamera amangowerenga nambala ya galimoto. Ukapanda kulipira wekha pa intaneti m'masiku asanu ndi limodzi, chindapusa chake ndi £120 pa tsiku lililonse, kapena £60 ukalipira m'masiku 14. Mchemwali wathu ankalowamo pafupifupi tsiku ndi tsiku kukaona agogo a ku Highgate, osadziwa kanthu. Makalata aja anabwera motsatizana mpaka anadya malipiro a mwezi.

Analira, analipira, n'kuyamba kuzungulira njira. Ankaganiza kuti mavuto athera pomwepo.

M'mawa wina akutuluka kuti apite ku ntchito anapeza amuna awiri ndi lole yonyamulira magalimoto. Anali ndi mapepala. Mwini wake wakale anali atapinyolitsa galimotoyo kwa kampani yobwereketsa ndalama, ngongole imene kuno amaitcha logbook loan, n'kusiya kubweza.

"Koma ine ndinagula ndi ndalama zanga. Logbook ili m'dzina langa, onani," anatero mchemwaliyo, manja akunjenjemera.

Mmodzi wa amunawo anamulozera mawu olembedwa pachikuto penipeni pa chikalatacho, onena kuti V5C si umboni woti galimoto ndi yako. Imangosonyeza amene akuisunga ndi kuyankhapo pa za msonkho. Galimoto inakwezedwa pa lole. Foni ya wogulitsa uja inali yozima. M'bale wa kutchalitchi atamva anagwira pakamwa. "Pepani achemwali, inenso mkuluyu ndinangodziwana naye ku ntchito yanga yakale. Kumene amakhala sindikudziwako."

Usiku womwewo mnzake wa ku ntchito analemba nambala ya galimoto ija pa tsamba la boma la GOV.UK. Sizinatenge ndi mphindi zitatu zomwe. Zaka ziwiri m'mbuyomo galimotoyo poyezedwa MOT, kuyezedwa kwa chaka ndi chaka, inali itayenda kale mamailosi 118,000. Ndipo tsamba lina la boma lomwelo linaonetseratu kuti galimotoyo imalipira ikalowa pakati pa Birmingham. Zonsezi zinalipo kale, zaulere, madzulo aja ndalama zikuwerengedwa pa boneti.

Chifukwa chake lamulo silinamuthandize

Ambiri timaganiza kuti munthu ukagula chinthu mosadziwa, ndi mtima woona, lamulo likuikira kumbuyo. Nthawi zina zimatero, nthawi zina ayi, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukudziwa.

Ngati galimoto inatengedwa pa ngongole yolipira pang'onopang'ono ya hire purchase, ndiye munthu wamba n'kuigula osadziwa za ngongoleyo, lamulo la Hire Purchase Act la mu 1964 limamuteteza. Galimoto imakhala yake, kampani ikasake amene anakongola. Komabe ngakhale apo pamafunika umboni wa mmene unagulira, ndipo munthu amene analipira kashi poimika magalimoto, wopanda lisiti, wosadziwa ndi adilesi ya wogulitsa yomwe, amavutika kutsimikizira kuti sankadziwa.

Logbook loan ndi nkhani ina. Imayendera malamulo a Bills of Sale a mu 1878 ndi 1882, a m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, pamene kwathu mishoni ya Blantyre inali itangoyamba kumene. Malinga ndi malamulo amenewa, munthu akapinyolitsa galimoto, umwini umapita kwa wobwereketsa ndalama kufikira ngongole itatha, ngakhale wokongolayo amapitiriza kuyendera galimotoyo. Akaigulitsa, wagulitsa chinthu cha eni. Wobwereketsa angathe kukailanda kwa aliyense amene ali nayo popanda kudzera kukhoti. Nthawi zambiri kampani imasunga logbook, koma wokongola wachinyengo amangouza a DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto ku Swansea, kuti yatayika, n'kulipira £25, ina n'kubwera. Bungwe la Law Commission linanena mu 2016 kuti malamulowa ndi okalamba ndipo amapweteka ogula osalakwa, n'kupempha kuti asinthidwe. Mu 2018 boma linasiya ganizo losintha. Choncho wogula amatsala ndi njira zitatu zowawa: kubweza ngongole ya munthu wina, kupereka galimoto, kapena kusumira wogulitsa amene wasowa kale.

Galimoto yobedwa ndiye nkhani yake ndi yaifupi. Siikhala yako ngakhale utalipira zingati. Apolisi akaipeza amaitenga, imabwerera kwa mwini wake kapena kwa kampani ya inshuwalansi imene inamulipira.

Yambani ndi zaulere

Musananyamuke kukaona galimoto, pemphani wogulitsa akuuzeni nambala yake, mtundu wake, ndi mamailosi amene ikuonetsa. Akakana kupereka nambala, nkhani yathera pomwepo.

Lembani nambalayo pa tsamba la DVLA lofufuzira magalimoto. Likuuzani mtundu wa galimoto, penti yake, kukula kwa injini, mafuta amene imayendera, chaka chimene inalembetsedwa, ngati msonkho ndi MOT zili bwino, komanso tsiku limene V5C yomaliza inatuluka. Chilichonse chosiyana ndi zimene wogulitsa wanena chikhale funso. Munthu akamati wakhala nayo zaka zisanu koma logbook yatuluka mwezi watha, afotokoze chifukwa chake.

Kenako tsegulani mbiri ya MOT, imene amasunga a bungwe la boma la DVSA. Galimoto iliyonse kuno ikakwana zaka zitatu imayezedwa chaka ndi chaka, ndipo zotsatira za kuyambira mu 2005 zili pa intaneti. Apa m'pofunika kudekha. Werengani mamailosi chaka ndi chaka, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Nambala ziyenera kumakwera mwadongosolo. Zikatsika, mita inabwezedwa. Zikamakwera ndi mamailosi 20,000 chaka chilichonse kenako mwadzidzidzi n'kuyamba kukwera ndi 1,000 okha, funsani kuti galimotoyo inali kuti. Mamita a masiku ano ndi a kompyuta, ndipo munthu wokhala ndi kachipangizo koyenera amasintha nambala m'mphindi zochepa osasiya chipsera. Kugulitsa galimoto yotero osaulula ndi mlandu, koma mlandu subweza ndalama zanu ngati wogulitsa sakupezeka.

Musathere pa mawu oti inakhoza. Pansi pa chaka chilichonse pamakhala machenjezo a woyeza, zinthu zimene sizinafike poilepheretsa koma zikuwonongeka. Mukaona dzimbiri la pansi pa galimoto likutchulidwa zaka zitatu zotsatizana, kapena oyilo wodontha amene sakonzedwa, mwadziwa mmene mwini wake ankaisamalira. Misewu ya kuno imathiridwa mchere m'nyengo yozizira, ndipo mcherewo umadya chitsulo cha pansi pomwe penti ya pamwamba ikadali yowala.

Pa GOV.UK pomwepo pali poonera ngati galimoto imalipira mu Clean Air Zone, komanso ngati kampani yoipanga inaitanitsa magalimoto a mtundu umenewo chifukwa cha vuto loopsa. Kwa munthu wogwira ntchito pakati pa Birmingham, £8 pa tsiku kwa masiku asanu pa sabata ndi ndalama yoposa £2,000 pa chaka. Dizilo yakale yotchipa ija imatha kudya ndalama yoposa mtengo wake m'zaka ziwiri.

Zolipira, zimene sitiyenera kuumira

Masamba a boma sanena za ngongole, za kubedwa, kapena zonse za ngozi. Izi zimafuna kafukufuku wolipira, amene anthu amangomutcha HPI check, potengera kampani imene inayamba ntchitoyi mu 1938. Mabungwe a AA ndi RAC komanso makampani ena amachitanso. Mtengo wake kawirikawiri sufika £30, ndalama yosakwana ndi theka lomwe la thanki ya mafuta. Lipoti lake limaonetsa ngati pali ngongole yolembetsedwa, ndipo ma logbook loan ambiri amaonekeramo. Ngati apolisi anailemba kuti ndi yobedwa. Ngati a inshuwalansi anaitaya chifukwa cha ngozi. Ngati nambala kapena penti inasinthidwapo. Komanso anthu angati akhala nayo.

Kafukufukuyu chitani nokha. Lipoti limene wogulitsa wakusindikizirani likhoza kukhala lakale kapena lopeka, ndipo tsamba limene iye wakutumizirani kuti mufufuzirepo likhoza kukhala msampha wobera nambala za khadi lanu. Lipoti likaonetsa ngongole, musamvere zoti "ndikamaliza kulipira mukangondipatsa ndalamazi". Imbirani kampani ya ngongoleyo, mumve ndalama yotsala, ndipo ngongoleyo ithe kaye, kalata yotsimikiza ili m'manja mwanu.

Galimoto yoyenda ndi dzina la inzake

Pali chinyengo china chimene ngakhale lipoti lolipira silingachigwire ngati mwangolemba nambala yokha. Akuba amaba galimoto, n'kusaka ina yofanana nayo mtundu, chaka ndi penti, yomwe ikuyenda bwinobwino kwina monga ku Leeds kapena ku Bristol. Amapangitsa nambala za galimoto yabwinoyo n'kumata pa yobedwa ija. Inu mukafufuza, lipoti limabwera loyera, chifukwa mwafufuza galimoto ya munthu wina wosalakwa.

Mankhwala ake ndi nambala ya chesisi, imene pa mapepala imalembedwa kuti VIN. Ili ndi zilembo ndi manambala 17. Imapezeka m'munsi mwa galasi lakutsogolo, pa mphuthu ya chitseko, ndiponso yodindidwa pa chitsulo penipeni, pansi pa boneti kapena pansi pa kapeti. Werengani chilembo chimodzichimodzi, chala chili pamenepo, ndipo malo onsewo agwirizane ndi V5C komanso lipoti lanu. Pamene paoneka ngati papalidwa, pawotcheredwa, kapena pamatidwa kapepala pamwamba pa kena, musapitirire.

V5C yomweyo ikwezeni kumene kukuchokera kuwala. M'kati mwa pepalalo muyenera kuoneka zilembo za DVL. Onaninso nambala ya chikalatacho. Boma limachenjeza kuti ngati ili pakati pa BG8229501 ndi BG9999030, kapena pakati pa BI2305501 ndi BI2800000, chikhoza kukhala chimodzi mwa zikalata zosalembedwa zimene zinabedwa, ndipo muyenera kuuza apolisi mukachoka pamalopo. Dzina ndi adilesi za pa V5C zikhale za munthu amene mukulankhula naye komanso nyumba imene mwaimapo. N'chifukwa chake galimoto ya munthu wamba imaonedwera pakhomo pake, masana, osati pa sitolo kapena pomwetsera mafuta.

Zangozi zokonzedwa ndi masipeya akuba

Birmingham ndi mzinda wa magalimoto kuyambira kale. Herbert Austin anatsegula fakitale ya ku Longbridge mu 1905, ndipo ku Solihull akupangabe ma Land Rover mpaka lero. Amisiri odziwa kuwongola chitsulo ndi kupopera penti ndi ambiri. Ochuluka ndi anthu oona, koma luso lomwelo ena amaligwiritsa ntchito yoipa. Dera la West Midlands lili m'gulu la madera amene magalimoto amabedwa kwambiri ku England, ndipo apolisi akhala akutulukira magalaja obisika, otchedwa chop shop, kumene galimoto yobedwa imaphwasulidwa usiku umodzi. Cha m'ma 2018 ndi 2019, David Jamieson, amene panthawiyo anali Police and Crime Commissioner wa West Midlands, ankanena poyera kuti umbavawu ukukolezedwa ndi malonda a magalimoto angozi: anthu amagula zophwanyika motchipa ku okushoni, n'kuzikonza ndi masipeya ochotsedwa m'magalimoto obedwa, kenako n'kuzigulitsa ngati zabwinobwino.

Kuyambira mu Okutobala 2017, a inshuwalansi amaika magalimoto angozi m'magulu anayi. Ya gulu A iyenera kuphwanyidwa yonse. Ya gulu B angachotsemo masipeya, koma thupi lake lisabwererenso pamsewu. Ya gulu S inawonongeka mafupa ake enieni, monga chesisi, koma ingathe kukonzedwa. Ya gulu N mafupa ali bwino, chinawonongeka ndi zina, zomwe zikhoza kukhala magetsi, mabuleki kapena chiwongolero. Pa magalimoto akale mudzaona magulu C ndi D, a dongosolo lakale.

Kugula ya gulu S kapena N si mlandu, ndipo ilipo yokonzedwa bwino. Koma mtengo wake uyenera kutsika, a inshuwalansi yanu ayenera kudziwa, ndipo inu muyenera kuona umboni wa amene anaikonza. Chesisi yowongoledwa mwachinyengo imayenda bwinobwino mpaka tsiku la ngozi pa msewu wa M6, pamene imapindika m'malo moteteza ana amene akhala kumbuyo. Dziwaninso kuti ngozi imene mwini wake sanakanene ku inshuwalansi siioneka mu lipoti lililonse. Apa ndiye pamene nzeru yakwathu ija imagwira ntchito. Bwerani ndi makaniko, kapena lipirani a AA kapena RAC adzaiyeze. Onani ngati mipata ya pakati pa zitseko ndi boneti ikufanana mbali zonse, ngati penti ya chitseko china ikusiyana pang'ono ndi inzake, ngati pa labala wa m'mawindo pali timadontho ta penti. Kwezani kapeti wa m'buti, gwirani ngati pali chinyezi. Potembenuza kiyi, magetsi onse ochenjeza ayake kaye kenako azime. Limene silikuyaka n'komwe mwina analithimitsa dala. Injini muipeze yozizira, chifukwa yotenthetsa kale imabisa zambiri.

Mukugula kwa ndani?

Mukagula kwa wamalonda wa magalimoto, lamulo la Consumer Rights Act la mu 2015 limakupatsani masiku 30 oti mubweze galimoto ngati ili ndi vuto limene inali nalo kale, n'kulandira ndalama zanu zonse. Vuto likaoneka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, wamalondayo ndiye ayenera kutsimikizira kuti panalibe pogulitsa. Mukagula kwa munthu wamba chitetezo chimachepa kwambiri: galimoto ingoyenera kukhala yake ndi kufanana ndi mmene anaifotokozera. Pa chifukwa chimenechi, amalonda ena amadzibisa ngati anthu wamba pa Facebook ndi masamba ena a malonda kuti athawe udindo. Poimba foni ingonenani kuti mukufunsa za galimoto ija. Akayankha kuti "iti?", mwadziwa kuti ali nazo zambiri. Sungani chithunzi cha malonda ake ndi mauthenga onse amene mwalemberana, chifukwa mawu a pakamwa sapita kukhoti.

Tsiku logula, lipirani kudzera ku banki, ku akaunti ya dzina lomwe lili pa V5C. Ngati ndi kwa wamalonda, kulipirako gawo ndi khadi la ngongole kumakupatsani chitetezo china pansi pa gawo 75 la Consumer Credit Act ya mu 1974, pa katundu wa mtengo woposa £100 mpaka £30,000. Musatumize chikole pa galimoto imene simunaione ndi maso. Lembani lisiti ziwiri zokhala ndi mayina, maadilesi, tsiku, mtengo, nambala ya galimoto, nambala ya chesisi ndi mamailosi, nonse musaine. Tengani kapepala kobiriwira ka mwini watsopano. Kuyambira mu Okutobala 2014 msonkho wa pamsewu susamuka ndi galimoto, choncho lipirani wanu musanaidzutse. Inshuwalansi nayo ikhale itayamba kale, chifukwa kuyenda wopanda inshuwalansi ndi chindapusa cha £300 ndi mapointi 6 pa laisensi, ndipo apolisi angathe kulanda galimoto pompo. Amene mumayendera odwala m'makomo, onetsetsani kuti inshuwalansi yanu ikulola kuyenda pa ntchito, imene amaitcha business use.

Ngati zakuonekerani kale, musabisale ndi manyazi. Pitani ku Citizens Advice, amene amapereka uphungu waulere ndi kutumiza madandaulo kwa a Trading Standards. Ngati mukuganiza kuti galimoto ndi yobedwa, imbani 101. Musaigulitse kwa wina kuti mupulumuke, chifukwa pamenepo wolakwa mukhala inuyo.

Manyazi ndiwo amatidyera ndalama

Chimene chinagwetsa mchemwali uja si umbuli. Ndi munthu wophunzira, amene tsiku lililonse amawerenga mapepala a mankhwala a odwala ake mosaphonya. Chinamugwetsa ndi ulemu woikidwa pamalo olakwika. Tinaleredwa kuti munthu amene wakuchitira chifundo sumufunsa mafunso ambiri, ndipo kuno kuchilendo, kumene nkhope yakwathu imasowa, aliyense wolankhula chinenero chathu timamuona ngati m'bale wa bere limodzi. Achinyengo amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake amakonda kudzera mwa munthu wa kutchalitchi, wa ku ntchito kapena wa pa gulu la WhatsApp, amene iyenso nthawi zambiri sadziwa kanthu.

Komatu kwathu komweko munthu sagula puloti chifukwa choti msuweni wanena kuti mwini wake ndi wabwino. Umapita kwa amfumu, umafunsa oyandikana nawo, umayenda m'malire ndi mapazi ako, ndipo palibe amene amati wanyoza. Galimoto ya kuno amfumu ake ndi DVLA, mbiri ya MOT ndi lipoti la ngongole. Kuwafunsa si kukayikira m'bale. Safunsa anadya phula.

Inu amene mumaperekeza anzanu kokagula, mawu oti "ndimamudziwa" ndi olemera, musamawatulutse mwachisawawa. Ngati simudziwa pakhomo pa wogulitsa, nenani kuti simudziwa. Chifundo chenicheni ndi kutulutsa foni, kulemba nambala ya galimoto, n'kuwerengera limodzi mbiri yake ndi mlendo amene sanazolowere za kuno. Atsogoleri a mipingo ndi a magulu a Amalawi ku West Midlands, nkhani iyi ikambidwe poyera monga timakambira za nyumba za lendi ndi za maviza, chifukwa munthu akalandidwa galimoto amataya ndi mashifiti omwe, ndipo ana kumudzi ndiwo amagona ndi njala.

Inu amene mwasunga ndalama zanu movutikira, musalole kuti wina akuthamangitseni. Magalimoto ogulitsa ku West Midlands ndi ambirimbiri, ndipo mawa kudzakhalanso ena. Wogulitsa woona sataya kanthu mukafufuza. Amakupatsani nambala, amakuitanirani pakhomo pake, amakusiyani muwerenge chesisi mpaka mutakhutira. Amene wakwiya chifukwa mwafunsa, wakuyankhani kale. Bwezani ndalama zanu m'thumba, mukwere basi mwezi winanso, mudzagule galimoto imene mbiri yake mwaiwerenga nokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza.